Chifuwa cha Bitoni ndi galimoto yanyumba

Ndiyambe ndaulula uchitsiru wanga ndisananene za anthu ena. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mwezi wa Juni sulowa m'galimoto ya azungu. Ndinkati chisanu chimafika pachitseko, n'kuodira, ndipo chikapanda kuyankhidwa chimabwerera kudzagona ndi ife. Musandiseke msanga, poti umboni ndinali nawo, ndinauona ndi maso angawa.

Bambo athu anali mlonda wa nkhalango ya paini ku Dedza, ndipo kanyumba kathu kanali m'mphepete mwa mitengoyo. Amene sanagonepo ku Dedza mwezi wa Juni asamanene kuti chisanu amachidziwa. Nkhungu inkatsika m'phiri ngati ili ndi mlandu nafe, madzi a mumtsuko ankaluma mano, zidendene zathu zinkang'aluka mpaka mwana wa nyerere akanatha kumangamo banja. Ine ndi mng'ono wanga Bitoni tinkagona pamphasa imodzi, bulangete limodzi, ndipo usiku wonse inali nkhondo yokokerana. Kukacha tinkathamangira kumoto kukafukula mbatata m'phulusa, thupi lonse likununkha utsi ndi utomoni wa paini.

Chaka chimenecho, ndili ndi zaka khumi, Bitoni zisanu ndi ziwiri, kunabwera galimoto yoyera ya mzere wobiriwira, n'kuima pabwalo lomwe alendo ankamangapo mahema. Eni ake sanamange hema. Anangokankha denga, dengalo n'kutukuka ngati chipewa cha munthu wopereka moni, basi nyumba yatha. Mwamuna anali wandevu, ntchito yake kusuzumira mbalame tsiku lonse. Mkazi wake anali namwino. M'mawa mwake, ife tikunjenjemera pamoto, ndinaona mawindo a galimotoyo ali nthunzi yokhayokha, kenaka wandevu uja akutuluka atavala kabudula, kapu m'manja, akuyasamula ngati ndi Okutobala. Ndiye mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinatsimikiza mumtima kuti ndisanafe ndidzagona m'menemo, ngakhale usiku umodzi wokha.

Bambo anali ndi lamulo lakuti m'nyumba ya mlendo salowamo munthu wosaitanidwa, choncho ndinaganiza zogula chiitano ndi thukuta. Ndinkawatungira madzi kumtsinje, kuwatolera nkhuni ndi zibalobalo za paini zoyatsira moto, ngakhale matayala ndinkatsuka popanda wondituma. Ndinapinda galimoto yamawaya ya denga lotukuka n'kumaiyendetsa uku ndi uku pamaso pawo. Malipiro anga anali masiwiti awiri ndi chitini chopanda kanthu. Ndinkafika pa kasitepe ka pachitseko, n'kumva kafungo ka khofi ndi sopo wachilendo kakutuluka mkatimo, koma wonena kuti lowa panalibe. Nthawi yonseyi Bitoni ntchito yake inali kukhala pachitsa n'kumanyambita mamina.

Kenaka Bitoni anayamba kutsokomola. Poyamba chinali chifuwa wamba cha Juni, koma tsiku lachitatu mpweya wake unkamveka ngati macheka akudula mtengo wauwisi. Chipatala chinali kutali. Mayi anamubereka kupita naye kwa namwino uja, ndipo iye atangomumvetsera pachifuwa anatsekula chitseko chonse n'kuwalowetsa onse awiri. Anagonamo masiku awiri. Ndinachita mantha, zoona, poti mng'ono wako ndi mng'ono wako. Koma m'mawa wa tsiku lachiwiri, ndikubwera ndi ndowa pamutu, madzi ozizira akundichuchira m'khosi, ndinaona kadzanja kakupukuta nthunzi pawindo, kenaka nkhope ya Bitoni, atafunda bulangete lofiira laubweya, akumwa kanthu kotentha. Anandiona. Anandibayibitsa ndi supuni. Mantha onse anathera pomwepo, m'malo mwake munalowa china chomwe sichinatulukebe mpaka lero.

Ndinaona kuti njira yolowera si thukuta koma chifuwa. Ndinayamba kutsokomola pafupi ndi galimoto, mokoka bwino, ndikugwira nthiti. Namwino anandimvetsera ndi kachipangizo kake, anaseka, n'kuuza Bambo kuti mwanayu ndi wolimba ngati ng'ombe yapangolo, kenaka anandipatsa ndowa. Ndiye ndinaganiza zodwala zenizeni. Masiku atatu otsatizana ndinkalawirira kumtsinje n'kukhala m'madzi mpaka m'khosi, mano akuombana, ndikuitana chifuwa ngati munthu woitana nkhuku. Sichinabwere. Chinadzabwera tsiku lachinayi masana, ndi malungo ake omwe, galimoto itatsitsa chipewa chake m'mawa n'kulowera njira ya ku Lilongwe. Ine mankhwala anga anali masamba a bulugama owiritsa, kundifukiza nditafunditsidwa chiguduli. Bambo atamva zomwe ndinachita anangoti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndinayankha mumtima kuti nyererezo ndimafuna ndikazione ndekha.

Bitoni anachira, ndipo anachira ndi pakamwa pomwe. Chaka chilichonse galimoto ija inkakula. Poyamba munali bedi ndi mbaula yopanda makala. Tikumalowa unyamata munali mutabwera bafa. Pa ukwati wanga anauza alamu ake kuti munali masitepe okwerera kumwamba. Ndikati akunama, ankangondifunsa mwaulemu wake wonse kuti, “Achimwene, inu munalowamo?”

Sukulu ine ndinalekezera sitandade faifi, koma ana ndinaphunzitsa, ndipo ndi mwana wanga Esinati amene anatibweretsa ine ndi mayi ake kuno ku Amereka, mumzinda wa South Bend, kumene iye amagwira ntchito m'chipatala. Bitoni nayenso ali kwa mwana wake ku Lawrence, mbali ya Indianapolis. Ndiye onani chipongwe cha dziko: chigawo chino ndi kumene amapangira magalimoto anyumba aja. Ana kuno amati kampa. Ukamayenda pamsewu umangoziona zitandandalikana m'mabwalo, zoyera mbee, zina zazitali ngati tchalitchi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zake ndinayambanso kumata mphuno pawindo.

Ndinamukakamira mkamwini wanga miyezi itatu kuti arente imodzi. Iye ankati tidikire nyengo yotentha, poti m'Januwale mipope ya kumalo oimikako makampa amaitseka kuopa kuti madzi angaume, anthunso amakhala ochepa. Ndinamuuza kuti m'nyengo yotentha ngakhale pansi pa mtengo munthu amagona. Ine ndimafuna chisanu chenicheni chidzaodire pachitseko. Mnyamatayo ndi waulemu, anavomera. Ndinaonjezera kuti tikamutengenso Bitoni, akapitidwe mphepo, poti chimwalirireni mkazi wake chaka chathachi amangokhala m'nyumba. Anthu anandiyamikira mtima wabwino. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna mboni.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, ine, mayi a Esinati, mkamwini ndi zidzukulu ziwiri zazimuna. Esinati anatsala, anali pa shifiti. Ndinakhala kutsogolo, chipewa chaubweya mpaka m'makutu, minda ya chimanga ili mbee ndi sinowo mbali zonse, makapu akulira m'makabati kumbuyo. Ku Lawrence Bitoni anakwera, anayang'ana uku ndi uku, anagogoda khoma ndi chala, n'kunena kuti, “Yabwino ndithu. Koma ija inali yotakasuka.” Tinafika kunkhalango ina kummwera kwa mzinda dzuwa likupendeka. Pamalo ponsepo panali makampa atatu okha. Tinalumikiza nthambo ya magetsi, tinakoleza moto panja, tinaotcha chimanga chogula m'sitolo chosakoma n'komwe, mitengo yopanda masamba ikulira ndi mphepo. Mawindo a kampa yathu anayamba kugwira nthunzi. Mtima wanga unkavina.

Ndi pamene mayi a Esinati analowa kukaona pogona, n'kutuluka msanga kuposa mmene analowera. Anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti chipinda china chili kuti. Ndinati chipinda ndi chomwecho, mabedi ndiye alipo atatu. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. “Ine kugona chipinda chimodzi ndi mkamwini? Mukufuna kumudzi akamve zotani?” Ndinati pali katani. Anati katani si khoma. Ndinati kuno ndi ku Amereka. Anati mkamwini ndi mkamwini ngakhale kumwezi. Zaka zonsezi ndinkawerenga matayala ndi mawindo, za mwambo wa apongozi sindinaziganizireko ngakhale kamodzi.

Mkamwini, yemwe nayenso ankangoyang'ana nsapato zake, anaulula kuti Esinati anaziwoneratu zimenezi ndipo anabukitsa kale kabini, kanyumba kamatabwa ka hita yotenthetsera, chapomwepo. Ndinati ndiye iyeyo akagone kumeneko. Anapepesa kuti kampa ili m'dzina lake, ndipo gasi wa hita ya mkatimo amafuna munthu womudziwa. Ndinati mayiwa akagone okha, kabiniyo ili ndi loko. Apa mayi a Esinati anangonyamula chikwama chawo ndi changa chomwe. Bitoni sakanagona chipinda chimodzi ndi mkulu wake ndi mlamu wake, ndiye malo ake anali odziwikiratu. Anakwera kasitepe pang'onopang'ono atagwira bondo, zidzukulu zanga zikumukoka ndi Chingerezi chawo, ndipo asanatseke chitseko anatembenuka n'kuti, “Mugone bwino, achimwene. Mawa ndikuuzani mmene muliri.”

Kabiniyo inali yofunda, bedi lake labwino, sindinganame. Koma ine ndinaima pawindo ndi jekete langa, ndikuyang'ana kuwala kwa kampa pa sinowo. Ndinkamva ana akuseka, ndi mawu a Bitoni akukwera ndi kutsika, ndipo ndinadziwa kuti galimoto ya ku Dedza ija yamera chipinda chinanso. Ndinang'ung'udza kuti anthu ena anabadwa ndi mwayi, kuti kawiri konse ine ndagwira ntchito wina n'kugonamo. Mayi a Esinati anali atagona kale chagada, atafunda mpaka m'chibwano, ndipo ndinkayesa kuti sakumva.

“Bambo a Esinati,” anatero osatsekula maso, “mng'ono wanuyo wagona m'menemo chifukwa alibe womukaniza. Dikirani ndife, mudzagonamo mpaka mudzatope. Panopa tsekani kataniyo mubwere kuno, mapazi anga azizira.”