Wezulo ya a Mhango itagwera mumchenga

Ndinayamba kudandaula m'nyuzipepala ino Lolemba loyamba la mwezi wa Ramazani chaka chatha. Kalata yachiwiri ndinalemba mvula itangoyamba, yachitatu anthu akukolola. Makope ake a kaboni ndili nawo onse m'sutikesi. Nkhani inali imodzi: anyamata a mpira kuno kunyanja akutukwana oyimbira, ndipo komiti ya mpira ya dera lathu ikungotumiza makalata kwa abambo awo. Ine ndinkafuna ana otere achotsedwe mu mpira mpaka kalekale.

Loweruka lapitali ndinaona zimene zanditseka pakamwa.

Pabwalo la ku Lungwena ankayimbira ndi a Mhango, mphunzitsi wochokera kumpoto amene wakhala nafe zaka zambiri. Atakana chigoli, wosewera wina dzina lake Yusufu anawathamangira n'kumenya wezulo ili kukamwa. Wezulo inagwera mumchenga. Mlomo wa a Mhango unatuluka magazi. Anyamata a chipani anali atayamba kale kulowa m'bwalo kuti amugwire, ndipo nonse mukudziwa kumene mwanayo akadathera.

A Mhango anawaletsa ndi dzanja. Khadi sanatulutse, wezulo sanatole. Anakhala pa mpira n'kufunsa, "Mjomba wa mwanayu ali kuti?"

"Bambo ake ndi awa!" wina anakuwa.

"Bambo ndawaona. Ndikufuna mjomba."

Kwawo kwa a Mhango mwana ndi wa bambo. Koma iwo anaphunzira chimene komiti sinaphunzirebe: kuno womuyankhira mwana ndi mchimwene wa mayi ake. Bambo akalandira kalata amangoipinda, poti mbumba si yake.

Anthu anakawatenga panjinga mjombayo, Che Saidi, kudooko, kumene ankasoka ukonde. Anafika ulusi udakali m'manja. Anayang'ana mlomo wa aphunzitsi, kenako mphwawo.

"Yusufu, wakula eti? Tindevu titatuti? Bwanji sunayambe wamenya ine, ndimakhala pafupi?"

Anthu anaseka, koma Che Saidi ayi. Mkulu wa imvi uja anagwada mumchenga, natola wezulo, naipukuta ndi mkanjo wake, naipereka ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, pepani. Wakumenyani ndine."

Yusufu anadzigwetsa pamapazi a mjomba wake akulira ngati pamaliro. Kenako anavula malaya a timu n'kutuluka yekha, popanda womuuza.

Owerenga anzanga, ndi khadi iti imene ingachite zimenezi? Mnyamata wa masiku ano akaonetsedwa khadi yofiira amatuluka akuyenda monyang'wa, anzake akumuombera m'manja. Koma kuona mjomba wako atagwada pagulu chifukwa cha iwe, zimenezo suziiwala.

Tsopano tamvani. Lachitatu komiti yawaimitsa a Mhango. Mlandu wawo akuti anachedwetsa mpira, komanso sanaonetse khadi yofiira. Kalata yowaimitsayo a Mhango anandionetsa ndipo ndaikopera liwu ndi liwu. Ya mizere isanu, siginecha yosawerengeka. Za magazi awo mulibemo. Zoti Yusufu anagona kwawo tsiku limenelo, osati m'chitokosi cha apolisi, mulibemo.

Choncho ndikupempha mwaulemu a mlembi a komitiyi kuti ayankhe polemba, kudzera m'nyuzipepala ino, mpira wa Loweruka usanachitike: ndi ndime iti ya malamulo anu imene imaletsa woyimbira kuitana mjomba, nanga a Mhango muwabwezera liti wezulo yawo?