Kuperekeza Alamu Kukasuma

Minibasi inanyamuka pa Nsungwi mwendo wanga umodzi uli panja. Kondakitala anandikankhira mkati ngati thumba, nkutenga makwacha asanu aliyense. Alamu anga a NyaGondwe anakhala pakona, nsapato zobwereka zikuwaluma. Anati ku ofesi sapita ndi patapata.

Mwamuna wawo, mng'ono wanga Lyson, tinamuika mu 1996. Sabata isanathe, achimwene athu aakulu a Yohane anabwera ndi lole kuchokera ku Kawale. Anatenga mipando, njinga, wailesi ndi makina osokera. Makinawo ndiwo ankadyetsa ana atatu. Tsopano a Yohane ankafuna nyumba.

Pa Kanengo tayala linaphwa. Tinatsika tonse. Mayi wina wonyamula nkhuku anafunsa ngati tikupita ku ukwati. Alamu anaseka pang'ono. Kunali kuyamba kuseka chichitikireni maliro.

Mu tauni tinafika dzuwa litakwera. Ndinagula chinangwa chophika pa depoti, tinadya tikuyenda. Pa mlatho alamu anavula nsapato nkuzigwira m'manja. Anakavalanso pakhomo la ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu.

Tinadikira pa benchi mpaka masana. Kalaliki anali mtsikana waulemu. Anafotokoza kuti loya wa boma saperekedwa chisawawa: amayamba aona zomwe munthu ali nazo, ndipo wopezako bwino amasonkhapo zambiri. Anafunsa alamu katundu wawo.

Alamu anawongola msana. Anatchula mipando, njinga, wailesi, makina. Kalaliki ankalemba, akuyang'ananso nsapato zija. Kenako anati ndi katundu wotere, ndalama yosonkha ikhala yokwererapo.

Ndinati, "Alamu, nenani zoona. M'nyumba mulibe kanthu."

"Ndi zanga, alamu. Kaya zili kwa ndani, ndi zanga."

Kalaliki anaika cholembera pansi. Anafunsa komwe zinthuzo zili. Alamu anayang'ana pansi. Sakanatchula dzina la mlamu wawo wamkulu ine ndili pomwepo. Ndinalitchula ndine, ndi nyumba yake ku Kawale. Ndinanenanso kuti anawo akugona pa mphasa, ndipo nsapatozo ndi za aneba.

Kalaliki anafufuta zonse zija. Anati tipereke kochepa, kwinako pang'onopang'ono. Ndinapereka ndalama yogulira malata yomwe ndinkasunga. Anafunsanso ngati ndidzaime pa khoti kunena zomwezi, achimwene anga akumva. Ndinavomera ndi mutu. Anati mutu salemba, ndiyankhe ndi pakamwa. Ndinati inde.

Pobwerera alamu anagona m'minibasi, nsapato zili pa miyendo. Ine ndinkaganiza kuti munthu akhoza kulandidwa zonse, koma mawu akuti "zanga" osawasiya.

Pa Nsungwi tinapeza a Yohane pa siteji, atatsamira njinga ya malemu. Wina anali atawatsina kale khutu.

"Aphiri, mwachokera kuti ndi mkaziyu? Mimba imodzi ife, mukandiimike pa khoti?"

Ndinayang'ana njingayo. Belu lake ndinamugulira Lyson ndine. Ndinanyamula nsapato za aneba, nkulowera njira ya kunyumba.