Nyimbo ya M'nyumba Itakwera Takisi

Amalume ankasunga nyimbo zawo m'kabokosi ka machesi. Mpaka lero ndikatsinzina ndimakaona: kothimbirira ndi thukuta la m'thumba, kophwanyika ngodya imodzi, komangidwa ndi kalabala kofiira. Machesi munalibe. Munali timakadi ta memori, tating'ono ngati chikhadabo cha khanda, kalikonse atakadontheza penti ya m'zikhadabo kuti asasokoneze. Kofiira kanali ka Lachisanu, koyera ka m'mawa, kobiriwira ka madalaivala achikulire amene safuna phokoso. Ndinkaletsedwa kukagwira kabokosi kameneka, n'chifukwa chake ndinkadziwa bwino pamene kankakhala.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Pinetown, kufupi ndi Durban, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, ine, amayi ndi amalume, katani atapingasa pakati. Amayi ndi mlongo wawoyo anabadwira ku Zimbabwe, m'komboni ya pa mgodi, kwa bambo a ku Dedza amene sanabwererenso kwawo. Malawi sanamuonepo onse awiri, koma Chichewa chinali m'kamwa mwawo. Kwa eninyumba aja ife tinali a ku Limpopo, chigawo cha kumpoto kwa dziko lawo lomwelo. Amayi ananena bodza limeneli tsiku lopempha chipinda, ndipo analisamala ngati dzira. Zaka zitatu m'mbuyomo, nthawi imene ankathamangitsa alendo, tinagona masabata awiri mu holo ya tchalitchi, ndipo amayi analumbira kuti sadzagonanso pa simenti ndi mwana. Chichewa tinkachisiya m'nyumba ngati patapata. Aliyense mwa ife ankadziwa kuti chikangomveka panja, chipinda chija chatha.

Ntchito ya amalume inali ya pa renki ya matakisi, maminibasi a kumeneko. Ankaikira madalaivala nyimbo, koma iwo ankakana kuti ndi woika nyimbo chabe. Ankati aliyense angathe kudzaza kadi, nzeru ili posankha. Asanapereke kalikonse ankayamba alowa mu takisimo, n'kumvetsera masipika, n'kuyang'ana dalaivala kumaso. Madzulo akabwera ankatifotokozera malangizo awo ngati a dokotala. "Ndamuuza kuti masipika ake ndi otopa, besi yolemera imuphulitsira." "Ya m'mawa isachuluke mawu, anthu amakhala asanagone mokwanira." Anauza dalaivala wina kuti pokwera chitunda cha ku Kloof aziika yothamanga, galimoto imaiwala kuti ndi yakale. Madalaivala ankaseka, koma mawa lake ankabweranso.

Chimene ankachikonda zedi chinali kukwatitsa nyimbo. Anali ndi kakompyuta kong'aluka galasi, kotentha ngati simbi. Ankatenga gitala wachikale, wodumphadumpha uja wa m'malekodi a makolo, n'kumukhazika pa ng'oma ya nyimbo za hausi za ku Durban, yogunda pachifuwa. Mawu a woimba uyu, malipenga a gulu lija, zonse m'mphika umodzi. Maukwati ena ankatha tsiku lomwelo. Woweruza ndinali ine, osadziwa. Ankaseweretsa rimikisi yatsopano ine ndikutsuka mbale, iwo n'kumayang'ana pansi. Phazi langa likayamba kugunda, nyimboyo imapita ku renki. Likangokhala duu, ankaifufuta. "Phazi la mwana silinama," ankatero.

Amayi zonsezi analibe nazo mphamvu. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Morningside, matakisi awiri kupita, awiri kubwera. Akafika ankavula nsapato, n'kuviika mapazi otupa m'beseni la madzi ofunda a mchere, n'kungoti, "Tsitsa, mutu." Sankakalipa. Kukalipa kumafunanso mphamvu. Nthawi imodzi yokha imene ndinkawamva akuimba inali Lamulungu masana, akuchapa pa mpopi wa kuseri, pansi pa zenera la khitchini ya eninyumba. Ankaimba chapansipansi, milomo yosatsegula kwenikweni, kanyimbo kamene amayi awo ankaimba posenza nkhuni ku komboni: "Ndatopa ine, ndituleni, ndituleni." Mawu ake anali omwewo basi, obwerezabwereza mpaka zovala zitatha.

Tsiku lina amalume anawajambula pa foni mobisa. Anakhala pa kakompyuta kaja masiku atatu, mahedifoni m'makutu, osayesa nkomwe phazi langa. Lamulungu lotsatira anatseka chitseko, anakoka katani wa pa zenera, n'kuitana amayi manja ali thovu lokhalokha.

Ndamva nyimbo zambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo sindinganene kuti ndine wosakondera, koma ija inali nyimbo. Inkayamba ndi kufikisa kwa zovala m'beseni, khutu khutu khutu, kumene amalume anakusandutsa biti. Kenako besi inkalowa mozemba, gitala n'kuyamba kudumpha pamwamba, ndiye mawu a amayi, oyera, aakulu kuposa mmene anaimbirapo. Amayi anagwira pakamwa. "Iwe, wandibera mawu!" Anaseka mpaka mano onse kuoneka. Anavina masitepe awiri, atatu, thovu likudontha m'zigongono, ine ndi amalume tikuwomba m'manja mopanda phokoso. Itatha anakhala pa bedi akupuma mwabefu, nkhope n'kubwerera mwakale. "Imeneyi ndi ya m'nyumba. Isatuluke." Amalume anaiika pa kadi kopanda kadontho, n'kulonjeza.

Unali mwezi wa Novembala, kutentha kwa Durban kuja kumene malaya amamatirira pamsana usanafike pa geti. Kusukulu tinkakonzekera tsiku lotsekera, ndipo aphunzitsi anati atsikana a kalasi lathu tivine. Ine ndinali mwana uja amene posankhana magulu amatsala yekha, mpaka aphunzitsi n'kuchita kumukankhira kwinakwake. Chizulu changa chinali chosalakwika, koma ndinkachiyankhula mochenjera kwambiri, ngati munthu woyenda pa simenti yonyowa, ndipo ana amazimva zimenezo. Aliyense anabweretsa nyimbo ya pa wailesi. Aphunzitsi anamvetsera zisanu, anapukuta thukuta m'khosi, n'kunena kuti eish, makalasi onse abweretsa zomwezi, kodi palibe amene ali ndi yachilendo? Ndinakweza dzanja.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinamva bwinobwino zimene amayi ananena. Koma ndinadziuza kuti kusukulu si ku renki, kuti ivinidwa kamodzi n'kuiwalika. Zoona zake n'zakuti ndinatopa kuima kumbuyo. M'mawa mwake amalume akusamba ndinamasula kalabala kaja, ndinatenga kadi kopanda kadontho, n'kukabisa mu sokosi.

Aphunzitsi anakaika mu foni yawo. Isanafike pakati mutu wawo unali ukugwedezeka, atsikana atasiya kunong'onezana. Anandifunsa kuti ndaitenga kuti, ine n'kuyankha mokweza kuti amalume anga ndi DJ. Za mawuwo sanafunse. Anaitumiza pa bulutufu kwa atsikana atatu amene anali ndi mafoni kuti tikayeserere kunyumba, n'kundibwezera kadi. Madzulo kanali katabwerera m'kabokosi, ine n'kumadziona wochenjera.

Tsiku lotsekera ndinavina mzere wakutsogolo. Amayi sanabwere, abwana awo anali ndi alendo. Bwalo lonse linaimirira, makolo akuimba malikhweru, mawu a amayi akutuluka m'masipika aakulu obwereka. Atsikana amene chaka chonse sanandipatsepo moni anandikumbatira. Ndikunena mosabisa: ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la ubwana wanga, ndipo ndimachita nazo manyazi.

Tchuthi chitayamba ndinkatsagana ndi amayi ku ntchito, poti panalibe wondisiyira. M'mawa wina wa Disembala tinakwera takisi yopita m'tauni. Eninyumba aja anakweranso, akupita kuchipatala kukatenga mankhwala a BP, ndipo anakhala mpando umodzi ndi ife, amayi pakati. Munkanunkha mafuta odzola, sopo ndi mpando wotentha ndi dzuwa. Titangotuluka mu Pinetown, dalaivala anakweza wailesi.

Khutu khutu khutu.

Ndinamva ntchafu ya amayi ikuuma pafupi ndi yanga. Besi inalowa, mawindo akunjenjemera, mnyamata wa kutsogolo akumenya denga ndi chikhatho. Kenako mawu aja. Anthu khumi ndi asanu otopa, opita kukakolopa ndi kukanyamula katundu wa eni, onse mitu ikugwedezeka. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe chopusa. Mayi wina anafunsa kuti ndi chilankhulo chanji chimenechi. Bambo wa kumbuyo anayankha kuti ndi za amakwerekwere, obwera aja, atilanda ntchito, tsopano alowa ndi m'masipika omwe. Dalaivala anati iye alibe nazo kanthu, biti safunsa pasipoti. Anthu anaseka, bamboyo sanaseke. Ananenanso mawu ena okhudza moto ndi matayala amene sindifuna kuwalemba.

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa. Ndinangoti, "Ndi a..." Amayi ananditsina pa ntchafu, kutsina kopotokola, maso awo ali kutsogolo. Chipsera chake chinatenga sabata.

Eninyumba anatembenuka, anawayang'ana amayi nthawi yaitali, n'kufunsa mofatsa, anthu onse akumva, "Wena waseLimpopo, bathini?" Ankafunsa kuti inu a ku Limpopo, akuti chiyani pamenepa.

"Angazi, Ma," anatero amayi. Sindikudziwa. Ndipo anaseka limodzi ndi enawo.

Kuseka kumeneko ndimakumvabe. Nyimbo za amalume zinkakhala zazitali, zopangira msewu wautali, choncho amayi anakhala pamenepo, chikwama pa miyendo, akumva mawu awo akupempha kutulidwa kambirimbiri mpaka tinatsikira m'tauni. Tsiku lonse ku Morningside anasita malaya a abwana osandiyankhula, osandiyang'ana.

Madzulo amalume analumbira pali Mulungu kuti si iwo. Anakhuthula kabokosi patebulo, kadi kaja kalipo. Ndinaulula ndekha ndikulira, n'kudikira chikwapu. Ndinkachifuna chikwapucho, chikanandipepuza. Amayi anangothira madzi m'beseni, anathira mchere, anaviika mapazi. Amalume anakhala chogwira kumutu, kenako anati madzi akatayika saoleka. Nyimbo ikalowa m'mafoni a ana a sukulu ilibenso mwini. Sabata yomweyo dalaivala wina anawanyoza pa renki kuti iwe DJ wanji ulibe iyi, n'kuwatumizira nyimbo yawo yomwe, akuwalangiza kuti aphunzirepo mmene anzawo amapangira. Amalume anathokoza, shapu, shapu. Anayamba kuikira madalaivala onse amene ankaifuna, poti kukana kukanadabwitsa anthu, ndipo sanauze munthu kuti ndi yawo.

Inamveka paliponse Disembala ameneyo. Pa shopu ya pakona, m'magalimoto opita kunyanja, mu foni ya mwana wamkulu wa eninyumba, amene ankaimvetsera atakhala pa sitepe, mikono isanu kuchokera pa mpopi. Amayi ankadutsa ndi ndowa ngati sakumva. Lamulungu ankachapa chete, ndipo m'bwalo munkangomveka madzi.

Pa mpopi pomwepo ndi pamene eninyumba anawapeza. Ine ndinali kuyanika masokosi. Anayankhula motsitsa, m'Chizulu, akuyang'ana ku sitepe. Anati iwo anadziwa kalekale, zenera la khitchini si khoma. Anati mumaimba bwino, mwana wanga, ndipo mu takisi muja ndinakufunsani dala kuti mukane anthu akumva. Koma wamkulu wangayu ali ndi makutu, wayamba kufunsa, ndipo anzake amene amamwa nawo ndimawadziwa. Januwale asakupezeni pano. Amayi anapukuta manja pa chitenje, anapinda maondo, n'kuthokoza. Ine ndinawada eninyumba amenewo ndi mtima wanga wonse, ndipo zinanditengera zaka kuti ndiwapepese mumtima.

Chipinda china chinapezeka ku Verulam, kuseri kwa shopu ya bambo wina wachisilamu wa ku Mangochi, amene amalume ankadziwana naye. Amalume anatsala ku Pinetown chifukwa cha renki, anakapanikizana ndi anzawo kwina. Sitinakhalenso nyumba imodzi. Tinasamuka Khirisimasi itangodutsa, masana dzuwa likuswa mtengo, pa kagalimoto kopanda denga kumbuyo. Ine ndi amayi tinakhala pa matiresi, tagwira chitofu kuti chisagwe. Tinadutsa mafakitale otsekedwa, kenako minda ya nzimbe yotsala pakati pa nyumba zatsopano. Amayi ankawerenga pa zala nthawi imene azidzuka kuti akafike ku Morningside kuchokera kutali konseku, ndipo anasiyira panjira.

Chiyambire tsiku la mu takisi sanatchulepo za nyimboyo, ndipo kukhala chete kwawo kunandilemera. Mphepo ikutiwomba choncho, popanda wotimva, ndinafunsa m'Chichewa, "Amayi, kodi nyimbo ija inali yoipa?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi fumbi. "Inali yabwino, mwanawe. N'chifukwa chake tikusamuka."

Ndinayesa akundinyogodola. Kusukulu anandiphunzitsa kuti munthu akachita bwino amamuimika kutsogolo, ndipo ine ndinali nditaimako, ndinamva kukoma kwake. Ndinkaganizabe kuti amayi akanangoimirira mu takisi muja n'kunena kuti ndine ndikuimbayo, anthu onse aja akanawaombera m'manja. Ndinatembenukira kumbali, ndinawakwiyira mpaka ku Verulam.