Amalume amuuza mlendo kwawo kwenikweni

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kusukulu ya mwana wanga Tamara, pa boma, kunabwera mayi wophunzitsa pa yunivesite ku Amereka. Anabadwira konko, koma makolo ake ndi Matchaina. Anafotokoza kwa ola lathunthu momwe zimamuwawira anthu akamamufunsa kuti, "Koma kwanu kwenikweni n'kuti?"

Atamaliza, amalume a Banda, anzeru athu aja, anaimirira kuti athokoze m'malo mwa makolo. Anayamba ndi funso lomwelo. Mayiyo atayankha kuti ku Amereka, iwo anamuwongolera: "Iyayi mayi, kwanu n'kumene anachokera amayi anu."

Tamara anabisa nkhope m'buku.

Ndiye ndifunse, abale. Potsata lamulo la amalume lomweli, ana awo aja kwawo ndi ku Kasama, kumene anachokera amayi awo. Munda wa makolo athu wa ku Zingalume umene amalume akusungira anawo tigawana liti?