Makina Agwira Mneneri

Dzina loti a Mneneri analipezera m'kachipinda ka kuseri kwa ometa tsitsi, momwe ankaonetsa mafilimu. Munali mabenchi asanu, katani yakuda pakhomo ndi masipika awiri aphokoso ngati chigayo. Anzawo ankaonetsa za nkhonya, koma iwo ankakonda za m'tsogolo: zitsulo zoyankhula, anthu olephera ngakhale kutsegula chitseko makina akakana. Filimu ikatha ankaimirira n'kuloza chala: "Mudzaona inu, tidzakhala akapolo a mawaya." Foni anaikana kwamtuwagalu.

Koma taonani chipongwe chake: masipika omwewo ndiwo anawadya makutu. Pomwe ankatseka kachipinda kaja atakalamba, dziko linali litangoti zii. Akazi awo, telala wolongolola chibadwire, anatopa ndi kukuwa, nayamba kungoloza ndi manja. Zinkawapweteka a Mneneri, osanama. Mkazi ali pomwepo, koma ngati wasamuka.

Mwana wawo wamkazi anabwera ndi kachipangizo koika m'khutu, kochepa ngati nyemba.

"Ababa, tangoyesani," anawakuwira kukhutu.

"Zimayamba choncho zimenezo," anatero iwo, n'kukaponya m'kabati.

Tsiku lina masana ali pakhonde, anaona akazi awo akupalasa makina osokera, milomo ikugwedera. Panalibe woyankhula nawo. Ankaimba. Zaka zonsezi mayi akuimba pambali pawo, iwo osadziwa! Mtima unawawawa kwambiri. Analowa m'nyumba mwakachetechete, natsegula kabati, kanthu kaja n'kukalowetsa m'khutu.

Choyamba anamva kulira kwa makina, kenako mawu aja, okalamba pang'ono koma omwe aja. Inali nyimbo yomwe iwo ankaimbira akazi awowo ali pachibwenzi. A Mneneri anailandira ndi mawu awo osasa, ndipo makina anaima.

"Mwayamba liti kumva, bambo inu?" anafunsa akazi awo, misozi ili lengelenge.

"Pompano. Musasiye, mayi."

"Ndiye mumvenso izi: mukuiphonyabe ngati kale."

Anaseka awiriwo mpaka nthiti kuwawa, n'kuiyambiranso.

Masiku ano batire likangofooka, a Mneneri amathamangira potchaja ngati nyumba yapsa. Ometa tsitsi akawaseka kuti mneneri wagwa, iwo amadziguguda pachifuwa.

"Wagwa ndani? Sindinanene ine kuti tidzakhala akapolo? Ulosi wanga wakwaniritsidwa. Koma wina asayerekeze kundimasula, akazi anga sanamalize kuimba."