Bambo Amene Ankajambula Denga

Ngati munalembapo makalata ambirimbiri osayankhidwa ngakhale imodzi, imvani za Shanelle Prewitt.

Chaka chake chomaliza ku sekondale, Shanelle anakhala pakhonde la nyumba yawo kuno ku Mississippi, misozi ili chuchuchu. Anali atalembera makoleji makumi atatu kuti amutenge m'timu ya basiketibolo, poti wosewera bwino amaphunzira ulere. Onse anali zii. Kulephera apa, chomudikira chinali fakitale yososola nkhuku, komwe mayi ake anagwira ntchito mpaka tsiku lomwalira.

Masiku ano luso lokha silikwanira. Ana a anthu opata amayamba asanagule n'komwe mano, amakhala ndi makochi awoawo, ndipo amapita kumipikisano ya m'mizinda ikuluikulu komwe osaka osewera amadzaza mabenchi. Kwathu kuno osakawo safika. Umangotumiza vidiyo, basi.

Vidiyo ya Shanelle ankajambula ndi bambo ake, a Odell, oyendetsa basi ya sukulu, munthu wokoma mtima koma wosatha kudzigwira. Ndinkakhala nawo benchi limodzi, ndiye sindikunama. Mwana akagoletsa, iwo ankadumpha manja ali m'mwamba, foni n'kujambula denga. Akaphonya ankauma gwa ngati chitsa, chithunzi n'kutuluka bwinobwino.

"Adadi, taonani zimene mwachitazi!" anadandaula Shanelle. "Zigoli zanga zonse ndi denga ndi mababu. Ine ndikuoneka pophonya pokhapokha!"

"Pepa, mayi. Ukagoletsa manjawa sandimvera."

"Ndiye muziwakhalira!"

"Ndikawakhalira ndijambula ndi chiyani, mphuno?"

Mtsikana anaseka misozi isanaume, koma anati mpira wausiya. Bambo ake sanamukakamize. Anangomuuza kuti, "Mawa basi inyamuka faifi koloko. Mpando wako ulipo."

M'mawa mwake anamupeza atakhala kale m'basimo, mpira uli pamiyendo. Kuyambira tsikulo ankafika kusukulu anzake asanadzuke, n'kumaponya yekha mpaka belu kulira. Nyengo yozizira yonse anachita zimenezi. Kenako anaumitsa khosi n'kutumiza vidiyo yomwe ija, ya denga ija, kumakoleji ena ang'onoang'ono, pakuti ina analibe.

Patapita milungu itatu foni inalira. Anali a Halvorsen, mayi wophunzitsa timu ya atsikana pakoleji ina ku Iowa.

"Mwanawe, chaka chino ndaonera mavidiyo mazanamazana," anatero mayiwo. "Onse ndi a ana osaphonya, ngati angelo. Ine ndimafuna kudziwa chimene mwana amachita akaphonya, koma palibe amandionetsa. Iwe ukaphonya suweramitsa mutu, umabwerera liwiro kukalanda mpira. Zigoli zako sindinazione, koma ndazimva. Akukuwawo ndani?"

"Ndi bambo anga," anayankha Shanelle mwamanyazi.

"Ukawauze asasinthe. Ubwere Loweruka tidzakuone ndi maso."

Anapita, anasewera, anamutenga. Lero Shanelle ali chaka chachitatu, akuphunzira unamwino, ndipo pakhomo la fakitale ija sanapondepo. Ine ndikamuona patchuthi mtima umasefukira ndi chimwemwe, ngati ndinamubereka ndine.

Tsiku losainira malo ake kukoleji, sukulu yonse inasonkhana mu holo. A Odell analonjeza mwana wawo kuti ulendo uno adzigwira. Vidiyoyo ndinaionera. Cholembera chikangokhudza pepala, kumaoneka denga, n'kumamveka bambo wamkulu akulira mokweza.

Inu amene mukubisa zophonya zanu poopa kusekedwa, dziwani kuti aliyense amaphonya. Chimene anthu ofunika akuyang'ana ndi chomwe mumachita mpira ukakana kulowa. Dzukani, thamangani mukaulande. Osataya mtima!