Bambo Wopanda Nkhope wa Pagulu Lathu

Chaka chomwe ndinayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a pafoni, mnzanga wina wa ku Lilongwe anandilowetsa pagulu la pa intaneti la anthu okonda zomwezo. Ine ndinkakhala kwa amayi kunyanja, kuwathandiza kuyanika usipa pathandala, mpata ukapezeka n'kumatosatosa foni ndi zala zonunkha nsomba. Ambiri pagulupo anali anyamata a m'tauni, ndipo ankatha kukangana tsiku lonse pa nkhani ya kadontho kamodzi komwe wina wayiwala mu pulogalamu yake.

Koma panali bambo wina amene tonse tinkamuopa. Analibe chithunzi, analibe dzina, pamalo pa nkhope panali mdima basi. Nkhani yake inali imodzi: chinsinsi. Wina akangotchula kapulogalamu katsopano, iye ankadumphira pomwepo.

"Kakupempha kuona manambala a abale ako onse kuti katani? Ndi katochi chabe! Kakufuna kukafunsira mbeta kwanu?"

Anatiuza kuti kamera ya foni yake anaimata ndi selotepi yakuda, ndipo kuti palibe munthu padziko amene angadziwe komwe iye amakhala. Tinkangoganizira. Ena ankati ali ku Joni, ena ankati ndi mkulu wa zachitetezo. Ine anandidzudzulapo koopsa nditaika chithunzi changa ndili pamchenga. "Achemwali, mwaulula mudzi wanu wonse," analemba choncho. Ndinachita manyazi n'kuchichotsa.

Tsiku lina mkangano unakula pa nkhani ya mapasiwedi, mpaka bamboyo anatopa kulemba. Kwa nthawi yoyamba anatumiza uthenga wa mawu. Mawuwo anali atawasintha ndi kapulogalamu kena, ankamveka ngati munthu akulankhulira mumgolo. Ndinamvetsera ndili chikhalire pamwala. Chakumapeto kwa uthengawo, kumbuyo kwa mawu amumgolowo, kunadutsa mayi wina akukuwa:

"Zitumbuwa zamotooo! Wadya chimodzi wabwereza!"

Ndinaimika foni. Nawonso mawu a mayiyo anali atasanduka amumgolo, koma kakuwidwe kameneko kalipo kamodzi m'boma lonse la Salima. Anali azakhali anga, alongo awo a bambo. Ndipo ndinali nditawaona kumene akulowera njira ya kutchalitchi, beseni pamutu.

Kwathu netiweki imagwira bwino malo amodzi, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchicho. Ndinasiya usipa n'kuthamangira komweko. Ndinapeza munthu mmodzi atakhala pa njinga yake, chitumbuwa kukamwa, foni m'manja. Anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, aphunzitsi a masamu amene kunyumba salankhula mawu oposa moni. Kuseri kwa foni yawo kunali kaselotepi kakuda.

"Alamu, mwaswera bwanji? Ku Joni kukuzizira?"

Anatsamwa. Anakhosomola mpaka misozi, ine ndikuwamenya kumsana.

"Mwadziwa bwanji? Mwandibera pasiwedi? Mwatsata nambala?"

"Ayi, ndatsata zitumbuwa."

Ndinawaikira uthenga wawo womwe kuti aumve. Azakhali atakuwa mufonimo, alamu anagwira mutu ndi manja onse.

"Ndinadikira tambala asiye kulira," anatero motsitsa mawu. "Ndinadikira kwaya imalize nyimbo. Za azakhali sindinaziganizire."

"Nanga inu munkandidziwa nthawi yonseyi?"

"Chithunzi chija munajambulitsa pafupi ndi bwato la apongozi. Ndikanalephera bwanji?"

Anandichonderera kuti ndisaulule pagulu. Anati kunyumba ana samawamvera, kusukulu ana amawagonera, malo okhawo amene anthu amanjenjemera iwo akalankhula ndi pafoni pomwepo. Ndinawamvera chisoni pang'ono. Ndinavomera, koma ndinati andiphunzitse kukonza pulogalamu yanga yomwe inkangotsekeka yokha ndikaitsegula. Tinakhala pansi pa mangowo, ndipo ndinaona kuti munthuyu zinthuzi amazidziwadi. Anapeza vuto tisanamalize n'komwe zitumbuwa zomwe zinatsala.

Pagulu sindinanene kanthu. Koma madzulo ake ndinalakwitsa kuwaikira azakhali uthengawo kuti aumve, poti ndinkafuna aseke. Iwo sanaseke.

"Ndiye kuti anthu a ku Lilongwe andimva?"

"Eya, ngakhale a ku Mzuzu."

M'mawa mwake anapita kwa alamu ndi beseni lawo, n'kuwauza kuti ajambulenso, koma ulendo uno asawaike mumgolo, ndipo atchule bwinobwino kuti amapezeka pafupi ndi tchalitchi. Alamu anakana. Azakhali anakadandaula kwa achemwali anga, achemwali anafunsa kuti gulu lake ndi liti limene amuna awo amalankhulako chonchi pomwe kunyumba ali duu, ndipo sabata isanathe anali atandikakamiza kuti ndiwalowetse.

Achemwali sadziwa kulemba pulogalamu ngakhale mzere umodzi, koma mpaka lero ali pagulupo. Alamu akayamba kuopseza anyamata a m'tauni, iwo amangolemba pansi pake kuti, "Abambo ake a ana, mukamabwera mugule tomato."